Ndere ndi chuku mu thanki yatsopano ya nsomba: zoti mudikire ndi zoti muthamangire

Munthu akangokhazikitsa thanki yagalasi ya nsomba pabalaza, masiku oyamba amakhala okoma. Madzi amaoneka mbee, mchenga uli woyera, ana sachoka pagalasipo. Ikafika sabata yachiwiri kapena yachitatu, zinthu zimasintha. Pamiyala pamagwa fumbi lofiirira, galasi limayamba kubiriwira, ndipo chitsa chimene chinaikidwa pakati kuti chikongoletse chimatuluka zoyera zoterera. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Amakhuthula madzi onse, kuchapa miyala ndi sopo, kutsuka fyuluta pampopi, kenako kuthira mankhwala ongomvera kwa anzawo. Pakapita masiku ochepa nsomba zimayamba kufa imodziimodzi, mwini wake n'kumaloza chala ndere.

Kawirikawiri ndere sizipha nsomba. Chimene chimazipha ndi kuchapa kwaphuma kuja. Zambiri zimene zimamera mu thanki yatsopano zimangosonyeza kuti madziwo sanakhwime, ndipo zimatha zokha mukachepetsa kuwala ndi chakudya. Koma pali china chimodzi chosafuna kugonera: zoyera zomera pathupi pa nsomba. Luso lonse lagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Chimene chikuchitika m'madzi osakhwima

Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira za m'mbali mwa mutu. Ndowe zake komanso chakudya chotsala zikamawola zimatulutsanso amoniya yemweyo. Amoniya ndi poizoni: amawotcha ziwalo zopumirazo, nsomba n'kumangopuma wefuwefu pamwamba pa madzi. M'nyanja poizoniyu amasungunuka m'madzi ochuluka, koma mu thanki alibe kolowera.

Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya abwino okhala mu siponji ya fyuluta, pamchenga ndi pamiyala. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wa okosijeni. Gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa. Kafukufuku amene Timothy Hovanec ndi anzake anafalitsa mu 1998 anasonyeza kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ntchito yachiwiriyi imagwiridwa makamaka ndi mabakiteriya a mtundu wa Nitrospira.

Vuto ndi lakuti mabakiteriya amenewa amaswana pang'onopang'ono. Pamafunika masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira. M'nyengo imeneyi madzi amakhala ndi zakudya zoyandama zopanda mwini, ndipo ndere ndi chuku ndi zimene zimayamba kuzipeza. Mlimi aliyense amadziwa kuti munda wongolimidwa kumene, wothiridwa feteleza mbewu zisanamere, umayamba wadzaza udzu. Thanki yatsopano ndi chimodzimodzi.

Tsopano mutha kuona chifukwa chake kutsuka fyuluta pampopi kumapha nsomba. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene ntchito yake ndi kupha mabakiteriya. Mukatsukira siponji mmenemo mwapha antchito anu, ndipo masabata 6 aja ayambiranso.

Ndere zimafuna zinthu ziwiri

Ndere simungazitsekere kunja. Timbewu take timabwera ndi madzi, zomera, miyala ngakhalenso fumbi la mumpweya. Chimene mungathe ndi kuzimana zinthu ziwiri: kuwala kopitirira muyeso ndi chakudya chake, chomwe ndi amoniya, naitireti ndi fosifeti. Zitatu zonsezi gwero lake lalikulu ndi dzanja lanu pothira chakudya cha nsomba.

Thanki yoikidwa pawindo pamene dzuwa limawomba imabiriwira msanga kuposa ina iliyonse. Getsi loyaka kuyambira m'mawa mpaka nthawi yogona limachitanso zomwezo. Pa miyezi iwiri yoyamba getsi liziyaka maola 6 okha pa tsiku, kenako mutha kufikitsa pa 8. Ngati mumakhala pakhomo madzulo okha, liyatseni madzulo omwewo. Nsomba sizidandaula ndi kuwala kochepa kwa masana kolowa m'chipinda.

Zindikirani mtundu wa ndere musanachite kanthu

Fumbi lofiirira la pagalasi, pamchenga ndi pamasamba ndilo limayamba. Ndi tindere tating'onoting'ono timene timamanga zigoba zake ndi silika, amene amapezeka m'madzi ndi mumchenga watsopano. Limachoka mukangopukuta ndi chala. Silivulaza nsomba, ndipo limazimiririka lokha pakatha masabata angapo kapena miyezi iwiri.

Timadontho tobiriwira tolimba pagalasi timasonyeza kuwala kochuluka. Tipaleni ndi khadi lakale lapulasitiki. Lezala imathandiza pagalasi lenileni, koma musaiyandikitse m'makona momwe muli guluu wogwira magalasiwo, ndipo musaigwiritse pa thanki yapulasitiki chifukwa imakanda.

Ndere zazitali zonga ulusi zimakola zomera ndi miyala. Zikulungeni pa mswachi watsopano n'kuzikoka. Zikabwerera msanga, ndiye kuti getsi likuyaka nthawi yaitali kapena mukudyetsa kwambiri.

Madzi obiriwira, oti nsomba sizikuoneka n'komwe, amadza ndi tindere toyandama. Kusintha madzi sikuthetsa vutoli chifukwa totsala timaswananso pa masiku ochepa. Zimitsani getsi, fundani thanki yonse ndi bulangete kwa masiku 3 kapena 4, fyuluta ndi pampu ya mpweya zikugwirabe ntchito, ndipo muchepetse kwambiri chakudya. Mukavundukula sinthani gawo la madzi kuti muchotse ndere zakufazo.

Ndevu zakuda zomera m'mphepete mwa masamba ndi pamiyala ndi zouma mutu. Dulani masamba ogwidwawo, mwala muutulutse n'kuukwecha kunja kwa thanki.

Chinsalu choterera chobiriwira moderako, chonunkha dothi, chimene chimayala pamchenga n'kumasendeka chathunthu, si ndere zenizeni ayi. Ndi mabakiteriya odzipangira chakudya ndi kuwala. Chimakonda malo amene madzi sayenda ndiponso pamene litsiro launjikana. Nsomba zodya ndere sizichikhudza. Chikokeni ndi kapaipi, wongolani fyuluta kuti madzi azizungulira paliponse, ndipo chikakanika gwiritsani njira ya bulangete ija.

Palinso madzi ochita mbuu ngati mwagwera mkaka pang'ono, makamaka m'sabata yoyamba. Awanso ndi mabakiteriya oyandama amene apeza chakudya chambiri. Amatha okha pa masiku ochepa. Chofunika ndi kuonjezera mpweya m'madzimo, chifukwa amalimbirana okosijeni ndi nsomba.

Chuku cha pachitsa ndi pa chakudya

Mtengo uliwonse wouma umakhala ndi shuga ndi zakudya zina zotsalira mkati. Ukamizidwa, zakudyazo zimatuluka, ndipo chuku ndi mabakiteriya zimaunjikana pomwepo n'kupanga zoyera zoterera zija. Zimanyansa m'maso koma sizidwalitsa nsomba. Zakudyazo zikatha, nazonso zimatha, kawirikawiri pa masabata ochepa. Mukafuna, zikokeni ndi kapaipi posintha madzi kapena tulutsani chitsacho muchikweche ndi burashi yosakhudzapo sopo. Zikameranso musadabwe. Kuwiritsa chitsa kapena kuchiviika m'chidebe kwa masabata awiri musanachiike mu thanki kumachepetsa vutoli. Pewani mitengo yaiwisi, yowola, yautomoni monga paini, komanso matabwa opakidwa mankhwala a chiswe.

Chuku chomera pa chakudya chogwera pansi ndi uthenga wina. Chikunena kuti mukuthira chakudya choposa chimene nsomba zingamalize. Chotsani chowolacho tsiku lomwelo, chifukwa chikutulutsa amoniya. Muzithira chimene nsomba zingathe pa mphindi 2, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Nsomba zimathamangira pagalasi zikaona munthu ngakhale zitakhuta, choncho musatengeke ndi chisoni. Nsomba yaikulu yathanzi ikhoza kukhala tsiku lathunthu osadya popanda vuto. Nsima, buledi ndi mpunga musaponyemo, zimawola msanga n'kudetsa madzi.

Chuku cha pathupi pa nsomba

Apa ndiye pofunika changu. Mukaona kanthu koyera kapena kotuwa konga thonje pa zipsepse, pamchira, pabala kapena padiso, nsombayo yadwala. Nthawi zambiri wochititsa ndi Saprolegnia, chuku cha m'madzi chimene chili pachibale ndi chija chimayambitsa chiwawu pa mbatata ya kachewere ndi tomato. Timbewu take timakhala m'madzi pafupifupi alionse, koma nsomba yathanzi imatetezedwa ndi mamba komanso zoterera za pakhungu lake. Chukuchi chimalowa pamene chitetezocho chang'ambika: nsomba yalumidwa ndi inzake, yakhulika pamwala, yagwidwa ndi manja ouma, yazizidwa, kapena khungu lawotchedwa ndi amoniya. Chimagwiranso mazira akufa kenako n'kufalikira kwa amoyo. N'chifukwa chake matendawa amakonda thanki yatsopano. Mukachiza nsomba koma madzi n'kuwasiya oipa, chuku chibweranso.

Pali matenda awiri amene amasokonezedwa ndi chuku. Oyamba amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Flavobacterium columnare. Amaoneka ngati zotuwa zophwatalala pamilomo kapena pamsana, zipsepse n'kumanyenyeka. Amafala msanga madzi akatentha ndipo amatha kupha nsomba pa tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala a chuku sawathetsa; amafuna mankhwala opha mabakiteriya, ndipo ndi bwino kufunsa dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa za nsomba. Achiwiri ndi timadontho toyera tonga mchere tomwazika thupi lonse, nsomba n'kumadzikhula pamiyala. Amenewa amadza ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius ndipo ali ndi mankhwala akeake. Yang'anitsitsani musanagule botolo: ulusi wotukuka ndi chuku, zophwatalala ndi bakiteriya, timadontho tosiyanasiyana ndi kachilombo.

Kuchiza nsomba yogwidwa chuku

Yambani ndi madzi. Sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi a mu thanki, ndipo ngati muli ndi zoyezera, yezani amoniya ndi naitiraiti. Kenako patulani yodwalayo muiike mu kathanki kena kapena m'beseni lapulasitiki loyera lokhala ndi pampu ya mpweya, madzi ake ofunda mofanana ndi a kumene yachokera.

Chuku chikakhala chongoyamba, mchere umathandiza: magalamu 1 mpaka 3 pa lita iliyonse, wosungunulidwa kaye m'kapu n'kuthiridwa pang'onopang'ono. Gwiritsani mchere wopanda zosakaniza. Kuti mudziwe malita, chulukitsani utali, mulifupi ndi kuya kwa madzi m'masentimita, yankholo muligawe ndi 1,000. Thanki ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 kuya imatenga malita 160. Zomera ndi nsomba zina zopanda mamba sizipirira mchere, ndiye chifukwa chinanso chochizira padera.

Masitolo a ziweto amagulitsa mankhwala a methylene blue ndi malachite green. Tsatirani muyeso wolembedwa pabotolo mpaka masiku ake atakwana, osasakaniza mankhwala awiri nthawi imodzi. Methylene blue amapha mabakiteriya abwino a mu fyuluta, choncho asalowe mu thanki yaikulu. Ngati mu fyuluta muli makala osefera madzi, achotseni pochiza chifukwa amayamwa mankhwala. Mankhwala okhala ndi kopa amapha nkhono. Ndipo nsomba yochizidwa ndi malachite green si yodya, ngakhale itakhala chambo.

Pomaliza funsani chimene chinang'amba khungu. Ngati pali nsomba yolusa, ipatuleni kapena onjezerani miyala yobisalamo zinzake.

Ntchito ya sabata iliyonse

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi, mukukoka ndowe zapansi ndi kapaipi. Pukutani galasi musanakoke madziwo kuti ndere zopalidwazo zituluke nawo. Siponji ya fyuluta ifinyeni m'madzi omwe mwachotsawo, pokhapokha ikayamba kutsekeka. Kuda kwake si litsiro lokha, ndi mmene mukukhala mabakiteriya anu. Khalani ndi chidebe cha nsomba zokha, chosalowamo sopo.

Madzi atsopano a pampopi athireni mankhwala ochotsa klorini. Kuwagoneka m'chidebe chosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachotsa klorini wamba, koma kumene madzi amathiridwa kloramini, monga m'mizinda ina ya kunja, kugoneka sikukwanira. Madzi a pamjigo alibe klorini, koma ena amakhala ndi naitireti kapena chitsulo chambiri, choncho ayezeni. Mu thanki yokhwima amoniya ndi naitiraiti zizikhala pa 0, naitireti asapitirire mamiligalamu 40 pa lita.

Nsomba ziikeni pang'onopang'ono, zochepa poyamba, zina pakadutsa masabata awiri. Ngati mnzanu ali ndi thanki yakale yopanda matenda, mupempheni chidutswa cha siponji ya fyuluta yake muchiike mu yanu chikadali chonyowa. Palibe njira yachangu yokhwimitsira madzi yoposa imeneyi. Zomera zokula msanga nazonso zimathandiza chifukwa zimalanda ndere chakudya.

Magetsi akathima, nyengo ikasintha

Mabakiteriya a mu fyuluta amapuma okosijeni wobwera ndi madzi oyenda. Magetsi akathima kwa maola ambiri amayamba kufa, makamaka mu fyuluta yotsekedwa. Pampu ya mpweya yoyendera mabatire ndi chida chofunika kukhala nacho kuposa chokongoletsera chilichonse. Ngati mulibe, tungani madzi a mu thankimo ndi jagi n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kanthawi ndi kanthawi. Musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka, ndipo ngati athima nthawi yaitali, tayani madzi ogona mu fyuluta musanaiyatsenso.

Mu Okutobala ndi Novembala madzi otentha amasunga okosijeni wochepa pomwe ndere zimakula msanga. Mu Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, nsomba za kumadzi ofunda zimafooka ndipo chuku chimapezerapo mwayi. Nsomba zoterezi zimafuna madigiri 24 mpaka 28, choncho hita yaing'ono ya mu thanki imateteza matenda ambiri.

Zamoyo zodya ndere

Nzeru yogwiritsa zamoyo polimbana ndi ndere ndi yakale. Mu 1850 katswiri wa za mankhwala wa ku London, Robert Warington, anafotokoza mmene anasungira tinsomba tiwiri tagolide pamodzi ndi chomera cha Vallisneria m'chotengera chagalasi. Masamba akale atayamba kuwola, madzi anada ndipo zoterera zobiriwira zinayala. Iye anaikamo nkhono zochepa za m'madzi, zinadya zowolazo, madzi n'kuyeranso. Phunziro lake likadali loona: nsomba, zomera ndi zodya zotsala zikalingana, madzi amadzisamala okha.

Masiku ano anthu amagula nsomba za Ancistrus, zokhala ndi pakamwa pomata pagalasi, zomwe sizipitirira masentimita 15. Chenjerani ndi inzake yotchedwa pleco, imene imagulitsidwa ili yaing'ono koma imakula kufika masentimita 40 n'kumatulutsa ndowe zambiri. Musagule zodya ndere madzi asanakhwime, ndipo muzizidyetsanso ndere zikatha. Nkhono za m'dambo, mumtsinje kapena m'nyanja musatole, chifukwa zina zimasunga tizilombo ta likodzo.

Kwa mbuna, ndere ndi chakudya

Nsomba za m'nyanja ya Malawi, makamaka mbuna, zili m'gulu la nsomba zokondedwa kwambiri m'mathanki a ku Ulaya, America ndi Asia. Malemu Stuart Grant anayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970, ndipo malo ake anali ku Salima. Aliyense amene anayang'anapo pansi pa madzi ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amadziwa kuti miyala ya kumeneko si yoyera. Ndi yokutidwa ndi ndere, ndipo mbuna zambiri zimaswera kuzipala pamodzi ndi tizilombo tobisala mmenemo. Mtundu wa Labeotropheus uli ndi pakamwa poyang'ana pansi popalira ndere pamwala.

Choncho ngati mukusunga mbuna, pukutani galasi lakutsogolo koma miyala muisiye ibiriwire. Matumbo a mbuna ndi aatali, oyenera zamasamba, ndipo chakudya chanyama chochuluka chimatha kuzitupitsa mimba mpaka kufa. Kumbukiraninso zinthu ziwiri. Mbuna zimalumana polimbirana malo, ndipo mabala amenewo ndiwo khomo la chuku. Zimafunanso madzi a pH ya pafupifupi 8 monga a m'nyanjamo, ndipo m'madzi otere amoniya amapweteka kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika. Kuika mbuna mu thanki yosakhwima ndi kuziika pangozi kawiri. Nsomba ndi miyala musatenge m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984.

Kotaya madzi, zomera ndi nsomba zakufa

Madzi ochotsa mu thanki ndi abwino kuthirira maluwa ndi ndiwo zamasamba, pokhapokha ngati mulibe mchere kapena mankhwala. Asalowe mumtsinje kapena mu ngalande yopita kumtsinje. Nsomba yakufa ikwirireni, zomera zotaya ziumitseni padzuwa, ndipo nsomba yamoyo imene mwatopa nayo mupatse mnzanu, osaiponya m'damu. Namasupuni, amene wavutitsa mtsinje wa Shire kwa zaka zambiri, kwawo ndi ku South America ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa. Matenda a zilonda za nsomba amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, omwenso anali ataoneka kale mumtsinje wa Zambezi, amayambitsidwa ndi Aphanomyces invadans, chuku cha m'madzi chapachibale ndi Saprolegnia. Zamoyo za m'madzi zikasamutsidwa mosasamala, matenda amasamuka nazo.

Mudzadziwa bwanji kuti thanki yakhwima?

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, fumbi lofiirira limakhala litazimiririka, chitsa chayera, madzi akununkhira bwino. Amoniya ndi naitiraiti zimakhala pa 0 sabata ndi sabata. Nsomba zimadya mwachangu, zipsepse zili zotambasuka, khungu lopanda banga. Ndere zochepa zimakhalapobe pamiyala ndi pagalasi lakumbuyo, ndipo ziyenera kukhalapo, chifukwa madzi amene ndere sizingameremo n'komwe ndi okayikitsa ngakhale kwa nsomba.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku si kukhala manja lende. Ndi kuzimitsa getsi pa nthawi yake, kuumira dzanja pa chakudya, kusintha madzi pang'ono sabata iliyonse, ndiponso kuyang'ana nsomba iliyonse tsiku ndi tsiku pamene ikudya. Zomera pagalasi, pamwala ndi pachitsa zipatseni nthawi. Zomera pansomba zithamangireni tsiku lomwelo.